M'MENE CIMANGA CIDYERA, CIPUMIRA NDI KUBEREKA

Mlimi ali yense adziwa kulima, kubzala ndi kupalira, pakuti nchito izi tinaziphunzira kwa makolo athu. Koma si ambiri amene adziwa cimene cicitika m'kati mwa cimanga kuyambira tsiku la kubzala kufikira tsiku la kukolola, ndipo cifukwa ca ici anthu akhama ndithu amataya matumba a cakudya caka ndi caka. Mau awa alembedwa kuti inu alimi muwawerenge pamodzi ndi ana anu a sukulu, ndi kupita nao kumunda kukaona ndi maso ngati ali oona.

MBEU

Viikani njere ya cimanga m'madzi usiku umodzi, ndipo m'mawa mwace muiceke ndi mpeni. Kumbali imodzi, ca kunsonga, mudzaona kamtima. Kameneka ndiko mmera wamoyo umene uli m'tulo, ndipo ufa wozinga kamtimako ndiwo kamba wace wa pa ulendo. Kuti mmera udzuke ufuna zinthu zitatu: madzi, mpweya ndi kufunda. Muzu ndiwo uyamba kutuluka, pambuyo pace nsonga ikwera kufuna dzuwa.

Kamba ameneyu ali ndi muyeso. Mukakwirira mbeu pansi kwambiri, kamba atha mmera usanaone kunja, ndipo ufera m'nthaka kapena utuluka wofoka. Phando la masentimita 5, ngati kutalika kwa bokosi la macisi, likwanira. Yesaninso mbeu zanu mvula isanagwe. Kulungani njere 100 m'saka lonyowa, ndipo muwerenge zomera patapita masiku 7. Zikapanda kufika 80, funani mbeu zina. Akulu anati mmera mpoyamba.

MIZU

Zulani mmera pang'onopang'ono ndi kupenyetsa kunsonga kwa mizu yace. Mudzaona tiubweya toyera tocuruka. Timeneti ndito timwa madzi, ndipo pamodzi ndi madziwo tilowetsa zakudya za m'nthaka, makamaka nayitrojeni, fosiforasi ndi potashi. Muzu ulibe mano. Umwa zosungunuka zokha. Cifukwa cace fetereza wothiridwa pa nthaka youma sagwira nchito kufikira mvula itagwa.

Mizu ipumanso. Madzi akaima m'munda masiku ambiri, mpweya usowa m'nthaka, ndipo cimanga cisanduka cacikasu ngakhale munathiramo manyowa. Ndiponso khasu lolowa kwambiri patsinde lidula mizu ya pamwamba. Palirani msanga udzu uli waung'ono, makamaka m'masabata 6 oyamba, pakuti ndi pamene udzu ulanda cimanga madzi ndi cakudya. Kaufiti ndiye woipa koposa, popeza muzu wace uboola muzu wa cimanga ndi kuyamwa momwemo asanaonekere pamtunda. Mzuleni asanacite maluwa, cifukwa tsinde limodzi libala njere zikwi zambiri, ndipo zikhoza kudikira m'nthaka zaka zambiri.

MASAMBA

Kodi phesi, masamba ndi njere, zolemera cotere, zicokera kuti? Ambiri adzati zicokera m'nthaka. Kale munthu wina wa ku Brussels, dzina lace Jan Baptist van Helmont, anayesa cimeneci. Anabzala kamtengo ka msondodzi kolemera makilo 2 mumphika wokhala ndi nthaka youma ya makilo 90, ndipo anakathirira madzi okha zaka 5. Pomaliza mtengowo unalemera pafupifupi makilo 77, koma nthaka inacepa ndi magalamu osafika 60. Nkhani yace inasindikizidwa mu 1648. Iye anaganiza kuti mtengo unakula ndi madzi okha, koma lero tidziwa kuti unakula ndi madzi pamodzi ndi mpweya.

Tsamba ndilo khicini la comera. Pa tsamba pali timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo m'menemo mulowa mpweya wochedwa kaboni dayokisaidi, umene ife titulutsa popuma. Cobiriwira ca m'tsamba, cochedwa klorofili, cigwira kuwala kwa dzuwa monga moto wophikira, ndipo mpweya uja pamodzi ndi madzi ocokera ku mizu zisanduka shuga. Pa nchito imeneyi tsamba litulutsa okisijeni, mpweya umene anthu ndi ziweto apuma. Sing'anga wa ku Holland, Jan Ingenhousz, anaonetsa mu 1779 kuti masamba acita ici pa kuwala pokha. Ndico cifukwa cace cimanga ca pamthunzi, kapena cobzalidwa mothithikana, cimakhala coonda.

Mwana amene atafuna phesi laliwisi nalimva kutsekemera walawa shuga ameneyu. Cimanga cikabereka, shugayo apita ku njere nasanduka ufa. Tsono iye amene athothola masamba aawisi kupatsa mbuzi kapena ng'ombe njere zisanakhwime, makamaka masamba a pamwamba pa citsononkho, acotsa nsima m'mbale ya ana ace. Mbozi zodya masamba zicita cimodzimodzi, monga zija za mtundu watsopano zinalowa m'Zambia mu 2016. Yenderani munda kawirikawiri, ndi kuyang'ana m'kati mwa nsonga m'mene zibisala.

Masamba auzanso mlimi cimene cisowa. Masamba a pansi akasanduka acikasu kuyambira kunsonga ndi kutsata mtsempha wa pakati, cimanga cisowa nayitrojeni. Masamba a mmera akaoneka ofiirira, kawirikawiri cisowa fosiforasi. M'mphepete mwa masamba a pansi mukauma ngati mwapsa, cisowa potashi. Koma akapindika masana, ndi ludzu. Cimanga ciyesa kusunga madzi otsala.

NGAIYAYE NDI NDEVU

Phesi limodzi la cimanga lili ndi maluwa a mitundu iwiri. Ngaiyaye ndi duwa lacimuna, ndipo fumbi lacikasu lothothoka pamenepo ndilo mungu. Citsononkho ndi maluwa acikazi, ndipo ndevu iri yonse ilumikizana ndi malo a njere imodzi. Mphepo itenga mungu niugwetsa pa ndevu. Ndevu imene yalandira mungu ibala njere. Imene sinalandire isiya danga. Pamene muona citsononkho ca magweru, dziwani kuti ndevu zina zinasowa mungu.

Nyengo imeneyi ndiyo imene cimanga ciopa cilala koposa zonse, pakuti madzi akacepa ndevu zicedwa kutuluka, ndipo zipeza mungu utatha. Motero kubzala ndi mvula yoyamba yokwanira, ndi kusankha mbeu yoyenera mvula ya kwanu, ndi nzeru yaikuru. Bzalaninso cimanga m'mizere yambiri yoyandikana, osati mzere umodzi wautali, kuti mungu usauluke pacabe. Mukapeza njere zacikasu pakati pa zoyera, palibe ufiti. Ndi mungu wocokera m'munda wa mnansi.

Pamenepa tizindikiranso za cimanga ca haibridi. Akatswiri asankha mitundu iwiri, nacotsa ngaiyaye za mtundu umodzi kuti ulandire mungu wa unzace wokha. Mbeu yotuluka pamenepo ibereka kwambiri, monga SR52, imene inatulutsidwa mu 1960 ku Southern Rhodesia, dziko lochedwa Zimbabwe lero. Koma mukabzala njere zokolola m'munda wa haibridi, mmera utuluka wosiyanasiyana ndipo zokolola zicepa. Mbeu ya haibridi igulidwa yatsopano caka ciri conse.

Maungu nawo ali ndi maluwa acimuna ndi acikazi, koma wonyamula mungu ndi njuci. Duwa lacikazi lidziwika ndi kadzungu kamene kali kunsi kwace. Amai pothyola ciluwe ca ndiwo asathyole limeneli, ndipo asiyeko ena acimuna.

NSHAWA NDI NYEMBA

Zulani tsinde la nshawa, zimene ena azicha mtedza, ndi kuona timatuza pa mizu yace. Si nthenda ai. M'menemo mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso timene titenga nayitrojeni mumpweya ndi kupatsa comeraco, monga anaonetsa Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth ku Germany mu 1886. Katuza kogwira nchito kali kofiira m'kati. Cifukwa cace cimanga cikondwera m'munda m'mene munali nshawa, nyemba, soya kapena nandolo, makamaka ngati masangwi anatsala momwemo osatenthedwa. Mtengo wa msangu ndi wa banja lomweli, ndipo uyoyola masamba ace m'nyengo ya mvula, kotero kuti upatsa nthaka manyowa osaphimba cimanga ndi mthunzi.

Kumbukiraninso kuti duwa la nshawa likafota, kamphukira katsika kulowa m'nthaka, ndipo nshawa zikula kunsonga kwace. Pa nthawi imeneyi ikani khasu pansi ndi kuzula udzu ndi manja.

MAU OTSIRIZA

Patsani mwana wanu kamunda kace. Abzale njere zina mwakuya, zina pa muyeso woyenera. Aphimbe mmera umodzi ndi mphika masiku 7, ndi kuuyerekeza ndi unzace wa padzuwa. Cimene waona ndi maso ace sadzaciiwala. Ndipo mukaona cacilendo pa masamba kapena pa mizu, zulani tsinde limodzi ndi kupita nalo kwa mlangizi wa zaulimi wa kwanu, bvuto lisanafalikire munda wonse.