Za m'nyumba ya mbiri ku Mangochi, ndi zimene zikadali m'mabokosi athu

Aliyense wolowa m'tauni ya Mangochi kudzera pa mlatho wa Bakili Muluzi amakumana ndi nsanja ya wotchi imene yaima pafupi ndi mtsinje wa Shire. Ambirife timangoidutsa, mtima uli kumsika kapena kokwerera basi. Nsanjayi inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain. Pambali pake pali mzinga wa mtundu wa Hotchkiss umene unali m'sitima yankhondo ya Guendolen, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya. Ukayenda pang'ono kuchoka pamenepo umafika ku Lake Malawi Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 1971 m'nyumba yomwe kale inali kalabu ya azungu, Gymkhana Club.

Nyumbayi ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo nkhani yake ndi imodzi: nyanja, zamoyo zake, anthu okhala m'mphepete mwake, ndi zombo zimene zayendapo. Mwana wa msodzi sadabwa ndi bwato, nkhafi kapena mono, pakuti amaziona tsiku ndi tsiku kudooko. Amadabwa akamva kuti timbuna timene iye satiwerengera ngati ndiwo ndito tinachititsa kuti mu 1984 bungwe la UNESCO liike paki ya Nyanja ya Malawi, ya ku Cape Maclear, pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi.

Chimene chimakopa alendo kwambiri ndi chifaniziro cha pamwamba pa Guendolen, pamene pankaima woyendetsa. Sitimayi inayamba kuyenda pa nyanja mu 1899. Pa 13 Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba ku Ulaya, Kaputeni Edmund Rhoades anafika nayo ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, ndipo anawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann imene inali itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe. Kaputeni wa Chijeremani, Berndt, anali bwenzi lake la Rhoades, ndipo anali asanamve kuti maiko awo ali pa nkhondo. Anapalasa kabwato kudzafunsa mwaukali chimene mnzakeyo ankachita, n'kuthera m'manja mwake monga mkaidi. Nkhaniyi ndi imodzi mwa kumenyana koyambirira kwa pamadzi mu nkhondo ija. Imaseketsa, inde, koma nkhondo imene inatsatira inatenga amuna zikwi zambiri a m'dziko lino kukhala asilikali ndi amtengatenga, ndipo ambiri mwa iwo sanabwererenso kumudzi.

Za Vipya palibe choseketsa. Inali sitima yatsopano, ndipo inagubuduzika ndi namondwe pa 30 Julaye 1946 ikuyandikira ku Florence Bay, kumene masiku ano timati ku Chitimba. Mabanja a m'mbali mwa nyanja akuikumbukirabe ngoziyi.

Funso limene munthu woganiza amatuluka nalo m'nyumbayi ndi lakuti: tauni imeneyi inakhalapo chifukwa chiyani? Asanaitche Mangochi inali Fort Johnston, linga limene Harry Johnston analikhazikitsa mu 1891 moyang'anana ndi mudzi wa Mfumu Mponda. Amene anagwira pamene Shire atulukira m'nyanja anali atagwira khomo la malonda onse a kum'mwera kwa nyanja. Mafumu a Chiyao monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi anali ndi mphamvu chifukwa cha maulendo amalonda opita kugombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi madooko ena. Ankapita ndi minyanga ya njovu, n'kubwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Ankapitanso ndi anthu.

Apa ndi pamene nkhani ya m'nyumbayi imatikhudza ife Asilamu, ndipo sitiyenera kuizemba. Njira imene inabweretsa Chisilamu kuno ndi yomweyonso imene akapolo anadutsamo atamangidwa m'magoli. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba wa ku Nkhotakota, anakhazikika kumeneko cha m'ma 1840. Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870. Pabwalo pake panali alembi ndi aphunzitsi a Qur'an, ndipo pagombe pake pankamangidwa zombo zoyenda ndi matanga zonga za kugombe la Aswahili. Zombo zomwezo zinkaolotsa anthu ogwidwa. Mwana wa ku madrasa akafunsa za zimenezi, kumuuza kuti ndi mabodza a azungu n'kumunamiza, ndipo tsiku limene adzawerenge yekha adzayamba kukayikira ngakhale zoona zimene tinamuphunzitsa. Kugwira anthu aufulu m'midzi mwawo ndi kukawagulitsa chinali chipsinjo, kaya wochitayo anavala mkanjo kapena ayi.

Komanso n'zoona kuti amene anabwera kudzathetsa malondawo anabwera ndi cholinga chachiwiri, cholanda dziko. Makanjira anachiona chimenecho msanga. Mu Disembala 1891 ankhondo ake anapha Kaputeni Cecil Maguire, mtsogoleri wa asilikali ochokera ku India, pamene ankafuna kuwononga zombo za mfumuyo. Linga la Fort Maguire linatenga dzina la munthu ameneyo. Jalasi anagonjetsedwa mu 1895, ndipo paphiri pamene panali mudzi wake panamangidwa Fort Mangochi, imene makoma ake alipobe. Mfumu imodzi yomweyo ikhoza kukhala wogulitsa anthu ndiponso wokana kulandidwa dziko. Kachikwangwani kamodzi pakhoma sikangakwanitse kunena zonse ziwiri, n'chifukwa chake ana asamapite okha kumeneko. Mphunzitsi apite nawo, ndipo akhale atawerenga.

Tikayang'anitsitsa zikumbutso za m'tauniyi, tiona kuti mayina olembedwa pa miyala ndi pa zitsulo ambiri ndi a ogonjetsa. Izi sizinachitike mwangozi, ndipo si mlandu wa ogwira ntchito m'nyumba yosungira zakale. Atsamunda ndi amishoni ankalemba makalata, malipoti ndi mabuku, ankajambula zithunzi, ndipo zonsezo zinasungidwa. Makolo athu ambiri anakana kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akasiya chipembedzo chawo. Anateteza chikhulupiriro, koma mtengo wake unali wakuti mbiri yawo inalembedwa ndi ena. Buku lodziwika kwambiri la mbiri ya Ayao lolembedwa ndi Myao, Chiikala cha Wayao, linatuluka mu 1919, ndipo mlembi wake, Yohanna Barnaba Abdallah, anali wansembe wa mpingo wa Anglican. Tikumuyamika chifukwa cha ntchitoyo. Koma ya aphunzitsi a Chisilamu amene anayenda midzi ya m'mbali mwa nyanja atsamunda atalanda kale dziko, monga Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda ndi wophunzira wake Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, yatsala makamaka pakamwa pa okalamba.

Sikuti makolo athu sankalemba. Ankalemba, ndipo zina mwa zolemba zawo zikadali m'mabokosi achitsulo pansi pa mabedi: makalata a Chiswahili olembedwa m'zilembo za Chiarabu, mabuku a malamulo a chipembedzo okopedwa pamanja, mapepala olembapo amene anaphunzitsa shehe wakutiwakuti ndi amene anaphunzitsa mphunzitsi wakeyo. Palinso matabwa amene ana ankalembapo ndime za Qur'an n'kuzifufuta akaziloweza, mbendera za pa siyala, nduwira ndi mikanjo ya mashehe amene anatisiya. Chiswe sichisankha kuti ili ndi pepala lopatulika. Denga la udzu likadontha, inki ya zaka zana imasungunuka usiku umodzi.

Chinanso chimene chimatha zinthuzi ndi ulemu wathu womwe. Tinaphunzitsidwa kuti pepala lokhala ndi dzina la Allah likatha lisatayidwe padzala, koma likwiriridwe pamalo oyera kapena liwotchedwe mwaulemu. Ndi mwambo wabwino ndipo sitikuutsutsa. Koma mdzukulu amene sadziwa kuwerenga zimene zalembedwazo amaona chilembo chilichonse cha Chiarabu ngati Qur'an, motero kalata ya mfumu kapena chikalata cha ngongole za pa ulendo wamalonda chimawotchedwa limodzi ndi masamba othothoka a Buku Lopatulika. Banjalo limachita zimenezi ndi mtima woyera, osadziwa kuti latentha umboni umene sunalembedwe kwina kulikonse.

Alipo abale athu amene amaipewa nyumba yosungira zakale poganiza kuti ndi malo a mafano ndi zithunzi. Ife tikuona kuti chinthu choikidwa m'galasi kuti chiphunzitse sichikupembedzedwa ndi munthu aliyense, ndipo kulingalira za mibadwo imene inapita ndi chinthu chimene chipembedzo chathu chimalimbikitsa. Nkhawa imene ili ndi maziko ndi ina: kodi buku lopatulika likaperekedwa kumeneko lidzagwiridwa mwaulemu, ndipo banja lidzaliwonanso? Zimenezi ndi zokambirana. Chinthu chikhoza kubwereketsedwa kwa nthawi yoikika, pali kalata yosainirana, kapena chikhoza kungojambulidwa tsamba ndi tsamba n'kutsala kwa eni ake. Foni imene ili m'thumba mwa mnyamata aliyense ikhoza kugwira ntchito imeneyi. Zolemba zili ndi kwawonso ku National Archives ku Zomba, ndiponso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, bungwe la mbiri limene linayamba mu 1946. Chimene tisalole ndi kugulitsa kwa wodutsa m'njira wonyamula ndalama. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, ndipo chimene chatuluka m'dziko mwamseri sichibwerera.

Chinthu chopanda nkhani yake chimakhala chosalankhula. Thabwa lolembapo likangoikidwa pashelefu ndi thabwa chabe. Likadziwika kuti linali la yani, wa mudzi uti, anaphunzira kwa shehe uti ndipo mfumu ya nthawiyo inali iti, limasanduka mboni. Makomiti a mizikiti ndi aphunzitsi a madrasa ndiwo ali pafupi ndi mabanja, ndipo ndiwo amaitanidwa mkulu akamwalira, bokosi lisanatsegulidwe. Kope limodzi losungidwa pa mzikiti, lolembamo zinthu zotere ndi eni ake, lingakhale chiyambi chokwanira.

Chovuta kwambiri ndi owerenga. Mnyamata amene wamaliza madrasa lero amatha kutchula zilembo za m'makalata akalewo, koma samva zimene akunena, chifukwa chilankhulo chake ndi Chiswahili chakale, mwina chosakanizika ndi Chiyao. Wodziwa Chiswahili cha masiku ano anachiphunzira m'zilembo za Chilatini, ndipo akaona tsambalo amangoliyang'ana. Amene amadziwa zonse ziwiri ndi okalamba amene anaphunzira kwa mashehe a m'badwo wakale, kwa Makanjira, ku Malindi, ku Namwera ndi ku Nkhotakota, ndipo ambiri a iwo maso ayamba kale kuchita khungu.