Kugwa ndi Kunjanja kwa Mpira

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu wodekha akagwetsa mpira pasimenti adzazindikira kuti dziko lapansi, limene limakoka zinthu zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, limauwonjezera liwiro la mamita 9.8 pa sekondi m'sekondi iliyonse, kufikira utagunda pansi, nufinyika pang'ono, nunjanja. Koma sufikanso pamene unachokera, pakuti ina mwa mphamvu yake yasanduka phokoso ndi kutentha.

Nthenga nayonso imakokedwa chimodzimodzi, koma imachedwa kufika pansi chifukwa cha mpweya basi. Mu 1971 woyenda m'mlengalenga wina, David Scott, ataimirira pamwezi, pamene palibe mpweya, anagwetsa nyundo ndi nthenga nthawi imodzi. Ndipo taonani, zinafika pansi pamodzi, monga momwe katswiri wa sayansi Galileo ananenera kalekale.