Duwa Losowa Limene Limafuna Nkhosa

Ndikauza anthu kuti ntchito yanga ndi yoteteza mbalame ndi zomera zimene zili pangozi, ambiri amaganiza za mpanda wa waya ndi mlonda wa mfuti. Sindiwadabwa, chifukwa kwathu tinakula tikudziwa kuti kuteteza chilengedwe ndiko kuuzidwa kuti "musalowemo". Koma nthawi yanga yambiri imathera pogwada, kuwerenga timaluwa tosakwana chala kutalika, ndiponso pokambirana ndi alimi za chiwerengero cha nkhosa zawo.

Chigwa chimene ndimagwirako chimatchedwa Upper Teesdale, kumpoto kwa England, m'mapiri a Pennines kumene kumayambira mtsinje wa Tees. Amalawi okhala ku Middlesbrough, Darlington kapena Durham ali nacho pafupi, ngakhale ambiri amathera pa mathithi a High Force, kujambulitsa zithunzi n'kubwerera. Kumtunda kwake, pa zitunda za Widdybank Fell ndi Cronkley Fell, kuli miyala ya laimu imene inawauka kalekale ndi thanthwe lamoto lotchedwa Whin Sill, mpaka lero imafumbutuka m'manja. Mitengo inalephera kukuta dothi limeneli, choncho zomera zazing'ono zokonda dzuwa ndi chisanu zapulumukapo zaka zoposa 10,000, kuchokera pamene madzi oundana anasungunuka m'dzikoli. Chotchuka ndi spring gentian, kaduwa ka buluu woderako kamene kamamasula cha mu Meyi. M'Britain monse simudzakapeza kwina kupatula dera lino.

Chimene chimadabwitsa alendo ndi ichi: kaduwako kamafa mukakasiya kokha. Nkhosa zikachuluka zimadya ndi kuponda zonse, n'zoona. Koma zikachepa kwambiri, udzu umakula n'kuphimba timaluwato, ndipo timafota ndi mthunzi. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atachititsa kuti ziweto zambiri ziphedwe mu 2001, ndiponso boma litayamba kulipira alimi kuti achepetse ziweto m'mapiri, udzu unatalika m'malo ambiri ndipo zomera zosowazi zinabwerera m'mbuyo. Cholinga chinali chabwino, koma zotsatira zake sizinakomere zomera zimenezi. Ndiye funso lathu silikhala lakuti nkhosa zilowe kapena zisalowe. Timafunsa kuti zingati, mwezi uti, mbali iti ya phiri. Akalulu nawo, amene amakumba dothi lofewali, ali ndi mlandu wawo.

Tikudziwa bwanji kuti zomera zachepa? Chifukwa wina anawerenga. Mayi Margaret Bradshaw, katswiri wa zomera wobadwa mu 1926, akhala akubwerera pa malo omwewo kwa zaka makumimakumi, kulemba chomera chilichonse. Mu 2017, ali ndi zaka zoposa 90, anayambitsa bungwe lofufuza ndi kuteteza zomera za Teesdale. Ine ndimati ntchito yathu yeniyeni ndi imeneyo: kaundula wotopetsa, wobwerezabwereza, amene palibe nyuzipepala ingamuike patsamba loyamba. Popanda kaundulayu, aliyense amangoti "kale kunali zambiri", ndipo boma silimva mawu otero.

Anthu a m'mizinda asadzione ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Damu la Cow Green, limene linatha kumangidwa mu 1971, linamangidwa kuti mafakitale a ku Teesside apeze madzi. Akatswiri a zomera anatsutsa mpaka ku Nyumba ya Malamulo, koma anagonja, ndipo gawo la malo a zomerazi linamira.

Za mbalame nkhani yake ndi yofanana, kungoti imawawa mtima msanga. Curlew, mbalame ya miyendo italiitali ndi mlomo wopindika, imaikira mazira pansi penipeni. Britain imasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mbalamezi zimene zimaswana padziko lonse, koma mu 2015 mbalameyi inalowa pamndandanda wa mbalame zoopsezedwa kwambiri m'dzikoli. Vuto si lakuti zazikulu zikufa, koma anapiye sakufika pouluka. Mlimi akatchetcha udzu msanga, makina amapera zisa. Nkhandwe ndi akhwangwala amamaliza zotsala. N'chifukwa chake alimi ena amalipidwa kuti adikire mpaka cha pakati pa Julaye, pamene anapiye akula ndipo maluwa agwetsa mbewu. Kuchedwako kumachepetsa chakudya chopatsa thanzi m'udzuwo, ndiye mlimi wodandaula sindimuimba mlandu. Palinso black grouse, m'bale wake wa nkhwali, imene atambala ake amasonkhana m'bandakucha kufupi ndi Langdon Beck kudzionetsera kwa misoti. Kuti mbalame zoterezi zichuluke, nthawi zina pamafunika kupha nkhandwe, ndipo apa ngakhale ife akatswiri timakangana kwambiri.

Wowerenga wa ku Phalombe kapena ku Rumphi wazindikira kale zimenezi. Mkungudza wa pa Mulanje unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndipo phirilo ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira nthawi ya atsamunda, koma macheka ndi moto zinaumaliza ndithu. Lamulo linalipo, mkungudza n'kumathabe. Mbande zimene zikubzalidwa tsopano zidzakula pokhapokha anthu a m'munsi mwa phiri akamapeza kanthu polambula njira zotchinga moto ndi posamalira nazale. Pa Nyika, maluwa amene mizu yake amapangira chikanda sangapulumuke ngati sitikudziwa kuti akukumbidwa ochuluka bwanji chaka ndi chaka.

Inu amene muli kumpoto kwa England, pitani ku Teesdale mu Meyi. Yendani m'njira zokhazikitsidwa, galu akhale pa chingwe chifukwa ndi nyengo ya zisa, ndipo duwa mulijambule, musalithyole.