Zolinga za 2030 Zikutalikira Anthu a ku Magaleta

Mu September 2015 dziko la Malawi linagwirizana ndi mayiko ena ku United Nations pa zolinga 17 za chitukuko chokhazikika, zoti zikwaniritsidwe pofika 2030. Nthawi imeneyo tinali ndi chifukwa chodzidalira. Mu 1992 ana 234 mwa ana 1,000 alionse ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, koma kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti chiwerengerochi chatsika kufika pa 63.

Boma la Neno, lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, linalawa nawo phindu limeneli. Kuyambira 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo thandizo lomwe kale linkapezeka patali linafika mpaka pa zipatala zazing'ono ngati cha Magaleta. Womwa ma ARV, wa matenda a shuga, wa kuthamanga kwa magazi ndi wa khunyu onse amaonedwa kufupi ndi kwawo, ndipo ogwira ntchito zaumoyo m'midzi amayenda khomo ndi khomo. Ntchito imeneyi ndi yeniyeni, ndipo yapulumutsa anthu.

Chomwe chagumuka ndi maziko omwe umoyowo umatsamirapo. Cholinga choyamba n'chothetsa umphawi, chachiwiri n'chothetsa njala, ndipo pa zonse ziwiri tikubwerera m'mbuyo. Kafukufuku wa m'makomo wa 2019-20 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka, pafupifupi momwe zinalili mu 2016-17. Kuchokera apo mavuto angotsatizana: namondwe Ana mu January 2022, kolera yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'zaka za 2022 ndi 2023, namondwe Freddy mu March 2023, kenako ng'amba ya El Niño yomwe inachititsa Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kulengeza mu March 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chaka chimenecho anthu 5.7 miliyoni anafunika thandizo la chakudya.

Nyengo sitingaiimbe mlandu pa zonse. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti ina mu November 2023. Mlimi wa ku Magaleta sagula madola, komabe feteleza, sopo ndi mtengo wa galimoto yopita ku Mwanza zimakwera motsatira dola. Zokolola zikalephera amathamangira ganyu kapena kuotcha makala, ndipo nkhalango zomwe cholinga china chimati titeteze zimathera m'matumba oyalidwa m'mbali mwa msewu pa Zalewa. Mankhwala walandira inde, koma akamwera pa chiyani kunyumba kulibe ufa?

Za msewu ndi magetsi n'zosachita kufotokoza motalika. Msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza watenga zaka zambirimbiri osatha, ndipo magetsi opangidwa pa Nkula ndi Tedzani, pa mtsinje wa Shire m'malire a boma la Neno lomweli, amadutsa pamwamba pa midzi yambiri yomwe usiku imadalira tochi.

Boma la Malawi linapereka malipoti ake a zolingazi ku United Nations mu 2020 ndi 2022, ndipo mu January 2021 linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063. Ndondomeko sizikusowa ayi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti gawo lomwe tinkanyadira lija, la zaumoyo, ndalama zake zoposa theka zimachokera kwa mayiko ndi mabungwe otithandiza. Dziko la America litaimitsa thandizo lake lambiri mu January 2025, boma lathu linalibe pogwira kuti litseke mpatawo, chifukwa mu bajeti ya 2024-25 chiwongoladzanja cha ngongole chokha chinapatsidwa ndalama zambiri kuposa zaumoyo.