Kapikapu ka Amalume Kasiya Kuledzera

Pa magalimoto onse a matola omwe ankayenda pakati pa Limbe ndi Bvumbwe, komwe kankaseketsa anthu kwambiri kanali ka amalume anga, Nissan 1400. Ndi timapikapu tija tinkapangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka mu 2008, ndipo anthu amatikonda chifukwa n'topirira. Koma ka amalume kanapirira mpaka kupyola muyezo.

Tangoganizani mwatsekula boneti. Kabuleta simukanaiona n'komwe, inali itakwiririka m'chimatope cha fumbi, oyilo ndi petulo wouma, chakuda bii. Sipuling'i yobweza moto inaduka kalekale, m'malo mwake munali mphira wa chubu cha njinga. Pomwe gasiketi inkadontha anamatapo sopo. Tchoko ankakoka ndi waya wa pampanda wotulukira pansi pa chiwongolero. Injini ikalira, galimoto yonse inkanjenjemera mpaka mano a okwera kugundana, ndipo ikafika pamphambano inkangozima zii, anthu akumbuyo n'kuyamba kuliza mabelu. Phazi lamanja la amalume linazolowera ntchito ziwiri, chidendene pa buleki, zala pa moto. Usiku ankakagoneka pamtsetse, mphuno italoza kumunsi, kuti m'mawa kadzadzuke popanda kupempha anyamata okankha.

Tomato atagulidwa bwino chaka china, amalume anagula kapaketi ka zipangizo zatsopano za kabuleta: magasiketi, timphira, kasingano ndi mpando wake. Mnyamata wina wapamudzi anaiphwasula yonse pa chithumba choyala pakhonde, anaitsuka, anauzira timabowo tonse, n'kuimanganso. Eee, inatuluka ili waliwali! Dzina la Hitachi, lomwe palibe ankadziwa kuti lilipo, linaonekera pambali pake. Amalume anaitana ngakhale oyandikana nawo kuti adzaone.

Inalira kamodzi, mokoma ndithu. Kenaka inayamba kutsamwa, ku egizozi utsi wakuda tolo, n'kuzima. Fungo la petulo linadzaza bwalo lonse, azakhali mpaka anasamutsa mbaula. Atachotsa chosefera mpweya n'kusuzumira kukhosi kwa kabuleta, anaona petulo akungotsikira m'kati, injini ili chete. Mapulagi onse anayi anatuluka ali noninoni, akuda ngati makala. Kale kagalimotoka kankavuta koma kankapita kumsika. Tsopano, ndi kabuleta yonyezimira, kanangokhala pabwalo kali chiledzerere, tomato akupsa m'madengu.

Ndiye anabwera amakaniko achikulire a ku Ndirande, a m'badwo uja womwe unakulira pa Datsun ndi Peugeot 504. Sanayambe n'sipanala. Anapukuta kagalasi kakang'ono kamene kali pambali pa kabuleta, n'kuitana amalume.

"Bambo, taonani apa. Kadontho aka mukukaona? Petulo amayenera kulekeza pomwepa. Wanuyu wadzaza tho, mpaka kudenga."

Kuseri kwa kagalasiko kuli kachipinda kosungira petulo, ndipo m'menemo muli fuloti yomwe imayandama. Petulo akamakwera, fuloti imakwera naye n'kukankha kasingano kuti katseke kabowo kolowera mafuta. Akatsika, kasingano kamatsekula. Nzeru yonse yathera pamenepo. Kasingano kakalephera kutseka, pampu siidziwa kanthu, imangopopabe, petulo n'kusefukira m'injini. Injini imafuna mpweya wolemera pafupifupi ka 15 kuposa petulo, ndiye akachuluka chotere pulagi imanyowa ndipo moto sugwira.

Amakaniko anayamba ndi fuloti. Anaigwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati mwalowa petulo, anaimiza m'madzi otentha kudikira thovu. Sinatulutse ngakhale limodzi, inali yabwino. Atayerekeza kasingano katsopano ndi kakale, chinsinsi choyamba chinaululika. Katsopano kanali kofupikirapo pang'ono, mwakuti fuloti inkakwera kwambiri isanakafikire. Izi n'zimene zimapusitsa ambiri akamanga kabuleta: amayesa kuti chilichonse cham'paketi chingolowa n'kugwira ntchito, pomwe msinkhu wa fuloti umafunika kuuyezanso. Amakaniko anapinda kalilime ka fuloti pang'onopang'ono, ataichotsa kaye pamalo pake, chifukwa ukakapinda kali pa singano umaphwanya kansonga kake. Anabwezera, analiza, petulo anaima pa kadontho penipeni. Amalume anavina.

Anavina msanga. Atangozungulira mpaka pamsewu n'kubwerako, fungo lija linabweranso, kagalasi kadzadzanso. Amakaniko anagogoda kabuleta ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, petulo n'kutsika, ndipo anangoseka. Chinthu chomwe chimachira ukachigogoda ndiye kuti chakodwa ndi kachitsotso. Atamasula mpando wa singano anapezamo kadzimbiri kofiira, kochepa kuposa kamchenga. Anatsatira paipi kufuna fyuluta ya petulo, ndipo pamalo pake anapezapo kachidutswa ka paipi yachitsulo kolumikiza mbali ziwiri. Fyuluta inatsekeka zaka zapitazo, wina n'kuichotsa kuti ulendo upitirire. Kabuleta isanakonzedwe inkameza dzimbirilo mwakachetechete chifukwa zonse zinali zowekeseka kale. Singano yatsopano, yokhala bwino pampando wake, kachitsotso kamodzi kankakwana kuitsekula pakamwa.

Ntchito yeniyeni inayambira apa, ndipo inali yonyansa. Anatsitsa thanki. Zimene zinatulukamo, abale inu! Madzi ofiira, dzimbiri la makoko, mchenga, ngakhale kansanza komwe kanali chitsekero nthawi ina. Petulo wa m'zigubu wogula m'mbali mwa msewu pa nthawi ya kusowa kwa mafuta anasiyamo mbiri yake yonse. Anaitsuka mobwerezabwereza mpaka zotuluka zinayera, anaiumitsa padzuwa, anasintha mapaipi a mphira omwe anali atayamba kunyenyeka m'kati, n'kuikapo fyuluta yoonekera m'kati. Pampu anaiyezanso, poti kabuleta yotere imafuna mphamvu yochepa, cha m'ma 3 psi, ndipo anthu ena amaiononga poikapo pampu yamagetsi yamphamvu zedi. Ya amalume, yoyendetsedwa ndi injini yomwe, inalibe mlandu.

Amalume ankafuna kunyamuka pomwepo, koma amakaniko anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kukanunkhiza. Oyilo anali atakwera kupyola mzere, wamadzimadzi, akununkha petulo yekhayekha. Petulo wosefukira amatsika m'mbali mwa mapisitoni n'kukasungunula oyilo, ndipo kuyenda naye n'kupha injini. Amalume anadandaula za mtengo, koma anagula wina, pamodzi ndi mapulagi. Anaphunziranso kuti injini ikamira m'petulo suipopera moto. Umaponda mpaka pansi, n'kugwira pomwepo uku ukuliza, tchoko chili chotsekula, kuti mpweya uumitse m'kati.

Lero tayimani pafupi nako m'mawa wa mu Juni, kukuzizira kwa ku Bvumbwe kuja. Amalume amakoka tchoko, cha chingwe chenicheni tsopano, kiyi kamodzi, basi kalira. Kale kankabangula n'kutsokomola, lero kamangong'ung'udza pansipansi, mwakuti galasi loonera kumbuyo limaonetsa nkhope imodzi osati zitatu. Kale mwana akaima kuseri kwa egizozi malaya ankada, lero kumangotuluka kanthunzi n'kutha. Mapulagi aja ankatuluka onyowa, lero ndi ouma, ofiirira bwino. Pamphambano ku Limbe kamaima n'kudikira mwaulemu, phazi lili pa buleki pokha. Petulo yemwe ankathera panjira tsopano amakafikitsa n'kubwerako, ndipo amayi a tomato, omwe kale ankakwera atatseka mphuno ndi chitenje, amalimbirana kukhala kutsogolo. Injini ija ya A14, ya 1397 cc, ikukwera zitunda za ku Thyolo itasenza nthochi ngati yaiwala zaka zake.

Liwiro limeneli laulula nkhani ina. Pa zaka zonse zija palibe ankadziwa kuti mabuleki ndi ofooka, poti kagalimoto kankaima kokha. Amakaniko awauza kale kuti Loweruka abwere ndi ndalama ya mabuleki, ndipo amalume akuti ayambe agulitsa kaye kabichi.