Makala, gasi kapena magetsi: mphika uwira ndi chiyani?

Juni akafika, ku Dedza, ku Mzuzu ndi madera ena okwera kumazizira moti munthu umaopa ngakhale kugwira madzi. Ku Blantyre chiperoni chimachita kulowa m'mafupa. Nyumba zathu zambiri zilibe chotenthetsera, ndiye mbaula yomwe taphikira ndiwo madzulo ndi yomweyo timaikokera m'nyumba kuti tiwothe.

Apa ndiyambe ndi chenjezo, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka komanso sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi kufooka, kenaka tulo, ndipo ena sadzukanso. Mbaula isagone m'chipinda, ngakhale makala atafiira bwino n'kuoneka ngati utsi watha. Ngati mukuwotha, zenera likhale lotsekula, ndipo pokagona itulutseni panja.

Koma n'chifukwa chiyani tikukakamirabe makala, ife a mbadwo wa WhatsApp ndi TikTok? Mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo m'tauni makala ndiye mfumu. Ngakhale nyumba zomwe zili ndi kuka ya magetsi, mbaula simasowa pakhonde. Aliyense akukumbukira Januwale 2022 pomwe namondwe Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankatha kuzima tsiku lonse. Munthu amene adasiyidwapo ndi nsima yosapsa pa hotipuleti sangataye mbaula.

Mtengo wake tikuulipira ndi nkhalango. Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umamwetsa likulu, idadulidwa mpaka boma lidatumizako asilikali mu 2015. Mu 2020 aphungu adakhwimitsa lamulo la za nkhalango, ndipo kuotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala opanda chilolezo ndi mlandu. Komabe m'mamawa uliwonse njinga zodzaza matumba zimalowa m'tauni. Ine sindimuda bambo wopalasa njingayo. Akubwera chifukwa ife tikugula.

Gasi ndiye yemwe akutchulidwa kwambiri ngati njira yotulukira. Ubwino wake ndi woonekeratu: ukayatsa moto wayaka, palibe kukupiza, mapoto sada, ndipo ukazimitsa wazimitsa, pomwe makala amapitiriza kunyeka tiyi atawira kale. Boma lidachotsa msonkho wa VAT pa gasi ndi masilinda ake, ndipo mtengo amauyang'anira a MERA. Vuto ndi loti gasi yense amachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umakwera, ndipo ndalama zakunja zikasowa naye amasowa.

Chachikulu, mmene ndikuonera ine, ndi kagulidwe. Makala umagula kajumbo kamodzi ka lero, mawa uonanso. Gasi amafuna ndalama yankhaninkhani nthawi imodzi: silinda, chitofu, ndiye kudzazitsa. Kwa wophunzira wa ku koleji kapena amene wangoyamba ntchito, ndalama yoteroyo sipezeka pamodzi, ngakhale kuti ukawerengera mwezi wonse kajumbo kaja kamadya thumba mwakachetechete.

Ndiye pali mantha. Alandilodi ena amakaniratu kuti "gasi m'nyumba mwanga ayi, adzaphulika". Zoona zake, silinda siphulika yokha popanda chifukwa. Ngozi imabwera gasi akamatuluka pa paipi yong'ambika kapena polumikiza posamanga bwino. N'chifukwa chake amamuthira fungo loipa lija, kuti mphuno ikuuzeni. Mukalimva, tsekani silinda, tsekulani zitseko, musayatse machesi kapena kukhudza switchi ya magetsi. Pofuna kudziwa pomwe akutulukira, pakani madzi a sopo. Pakachita thovu, ndi pomwepo. Silinda ikhale choimirira, kutali ndi moto.

Nanga nyemba? Funso limeneli silisowa. Inde, nyemba zouma zimamaliza gasi. Ziviikeni m'madzi usiku wonse, nthawi yophika imachepa kwambiri, ndipo amene ali ndi pressure cooker ndiye wapambana.

Kumudzi nkhani ya gasi ikadali kutali, ndipo kumeneko Chitetezo mbaula ndi yomwe ikuthandiza. Ndi yadongo, amaumba amayi m'magulu awo, ndipo imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Utsi nawo umachepako, zomwe ndi zofunika kwa mayi wophika ali ndi mwana kumbuyo. Kwa okhala m'tauni amene makala sangawasiye, alipo ovomerezeka, monga a Kawandama Hills ochokera ku mitengo yodzala ku Viphya, komanso mabriketi a utuchi ndi zotsalira za mbewu. Kungoti kuwapeza kumafuna kuyenda, pomwe kajumbo ka makala wamba kali pa okala ya kuseri kwa nyumba.