MWANA AKULA, TIMAGUDUMU TA NJINGA TISOWA

Ndi Mtolankhani Wathu

Mphunzitsi wina wa pulaimale ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 12 amene anadwala malungo a mu ubongo ali wamng'ono. Mwanayo anachira, ndipo nzeru zake nzabwino, koma poyenda amadzandira, ndipo ulendo wa kusukulu umamtopetsa kwambiri. Ali ndi zaka 6 ankapalasa kanjinga kokhala ndi timagudumu tiwiri tochirikiza kumbuyo. Tsopano wakula, maondo akugunda mahandulo. Koma atate wake atamgulira njinga yaikulu anaona kuti timagudumu tija sitikwanako. Mtolankhani wathu anayenda nawo m'masitolo a njinga tsiku lathunthu, ndipo ponseponse anauzidwa mawu amodzimodzi, akuti zotere amapangira tiana tokha.

Vuto limeneli si la banja limodzi ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kunka m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa 10 alionse ali ndi ulumali. Chiyambire 1994, pamene Boma linathetsa fizi ku pulaimale, khomo la sukulu ndi lotsegukira mwana aliyense. Koma khomo lotseguka lilibe phindu kwa mwana amene sangathe kulifikira.

CHIFUKWA CHAKE NCHIYANI?

Njinga zimayesedwa ndi kukula kwa gudumu. Za ana zimayambira mainchesi 12 kufika 20, ndipo timagudumu ta m'sitolo kawirikawiri timalekeza pomwepo. Opanga amaganiza kuti mwana akamafika pa njinga ya mainchesi 24 kapena 26 amakhala atadziwa kale kudzichirikiza yekha. Kwa ana ambiri nzoonadi. Koma kwa mwana wa cerebral palsy, wa Down syndrome, kapena wopuwala mwendo ndi poliyo, tsiku limenelo limachedwa, mwinanso osafika konse.

Makolo ena amakakamiza timagudumu ta kanjinga pa njinga yaikulu, ndipo pamatuluka zovuta zitatu. Choyamba, kachitsulo kogwira gudumu nkopyapyala. Mwana wolemera akatsamirako kamapindika. Chachiwiri, kamamangidwa ndi nati ya pa ekiselo ya kumbuyo, pamene njinga zamagiya zili ndi chitsulo chosinthira tcheni pomwepo, ndipo ekiseloyo nthawi zina njaifupi. Chachitatu ndiye choopsa: pa njinga yaikulu mwana amakhala pamwamba, ndipo ngati timagudumu tayandikana, pokhota njinga imatembenuzikira kunja kwa khona. Mwana amene wagwa kamodzi motere amachita mantha, nakana kukweranso.

Tionjezepo za misewu yathu. Pa msewu wa fumbi wokumbikakumbika timagudumu timatha kuponda pokwera, gudumu lalikulu nkulendewera pa dzenje. Mwana amapalasa koma njinga siyenda, ndipo buleki ya kumbuyo imakhala yopanda ntchito.

ZIMENE ZINGACHITIKE

Ku Britain ndi ku America kuli makampani opanga magudumu ochirikiza olimba, okwana njinga za akuluakulu. Koma mtengo wake, kuphatikizapo wotumizira, ndi woposa mphamvu ya mabanja ambiri. Komatu mapangidwe ake si chinsinsi, ndipo amisiri athu owotcherera zitsulo, amene amapanga makaliyala a kabaza onyamula munthu wamkulu, sangalephere. Zofunika nzakuti chitsulo chikhale chochindikala. Chigwire malo awiri, pa ekiselo ndi pa felemu. Magudumu atalikirane bwino. Ndiponso akhale opopa, monga ochotsa ku kanjinga ka mainchesi 12, m'malo mwa apulasitiki. Asagunde pansi onse nthawi imodzi, koma akwezedwe pang'ono kuti gudumu lalikulu lizigwira nthaka.

Tsono tichenjeze kuti si mwana aliyense amene magudumu otere angamuyenere. Amene satha kukhala chilili pa chishalo afunika njinga ya magudumu atatu, yokhala ndi chotsamira kumsana ndi zomangira mapazi pa mapedulo. Palinso ana ena amene angaphunzire kuyenda pa magudumu awiri ngati aphunzitsidwa mofatsa. Ku America, Dr Richard Klein, mphunzitsi wa zomangamanga makina pa University of Illinois, anapanga njinga yokhala ndi chogudubuza chachikulu m'malo mwa gudumu la kumbuyo, chimene amachisintha ndi china chopendekeka kwambiri mwana akamazolowera. Bungwe la iCan Shine limaphunzitsa ana ndi njinga zotere kwa masiku 5. Kuno kwathu njira yofanana nayo yosalira ndalama ilipo: kuchotsa mapedulo ndi kutsitsa chishalo, kuti mwana azidzikankha ndi mapazi kufikira thupi litaphunzira. Pajatu kuona maso a nkhono nkudekha.

Wosankha pakati pa njira zimenezi asakhale wogulitsa njinga kapena mmisiri, koma wa chipatala wodziwa zolimbitsa ziwalo. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, imene inakhazikitsidwa ndi bungwe la MAP, limene linayamba mu 1979 polimbana ndi poliyo. M'zipatala zazikulu mulinso akatswiri a ntchitoyi. Mmisiri apange chimene iwo alangiza.

MAWU KWA AWERENGI ATHU

Aphunzitsi ndiwo amaona mwana amene amafika mochedwa tsiku ndi tsiku, kapena amene waleka kubwera mvula itayamba. Iwo amene anaphunzira za ana osowa chithandizo chapadera ku Montfort, ku Nguludi, angathe kutsogolera anzawo pozindikira ana otere ndi kuwatumiza kuchipatala. Akuluakulu a m'maofesi nawo aganizepo: lamulo la anthu aulumali la 2012, ndi la 2024 limene linalowa m'malo mwake, onse amanena za ufulu wa maphunziro. Chojambula chimodzi chovomerezedwa ndi achipatala, chitagawidwa ku sukulu za ntchito zamanja ndi kwa amisiri a m'maboma, chingathandize ana ambiri pa mtengo wochepa.

Mwana wa mphunzitsi uja akali kuyembekeza, ndipo njinga yake yatsopano yatsamira khoma. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.